Kasamalidwe ka Kompyuta za Linux Pakhomo: Malangizo kwa Anthu a m'Boma la Karonga

Unduna ukudziwitsa anthu onse okhala m'boma la Karonga, makamaka mabanja, aphunzitsi, ophunzira ndi eni mabizinesi ang'onoang'ono, kuti kompyuta yakale ingathe kugwirabe ntchito bwino komanso motetezeka ngati mwini wake akudziwa kasamalidwe kake. Nkhaniyi yakula chifukwa pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kupereka chithandizo cha nthawi zonse ku Windows 10. Kuyambira tsiku limeneli, mipata imene akuba a pa intaneti amaipeza m'pulogalamuyi siikutsekedwanso, kupatula pa makompyuta amene eni ake analembetsa ndondomeko yapadera yoonjezera nthawi. Windows 11, yomwe inalowa m'malo mwake, imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, memori yosachepera ma GB anayi ndiponso purosesa ya zaka zaposachedwa. Makompyuta ambiri a kaunjika amene amagulitsidwa pa boma, ku Chilumba, ku Uliwa kapena amene amalowa m'dziko muno kudzera pa chipata cha Songwe sakwanitsa zofunikazi.

Mwini kompyuta yotere ali ndi njira zitatu. Angathe kupitiriza ndi Windows 10 yopanda chitetezo, angathe kuikitsa kope lakuba la pulogalamu ina, kapena angathe kuika Linux. Njira yoyamba imaika pachiopsezo zolemba ndi ndalama zake. Yachiwiri imaphwanya lamulo loteteza umwini wa ntchito zaluso la m'chaka cha 2016, ndipo makope akubawa nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi. Njira yachitatu ndi yaulere komanso yololedwa ndi malamulo, koma imafuna kuti munthu aphunzire zinthu zingapo. Chikalata chino chikufotokoza zinthu zimenezo.

Kodi Linux n'chiyani

Kompyuta iliyonse imakhala ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zina zonse. Pulogalamuyi ndi imene imalumikiza kiyibodi, sikirini, disiki ndi netiweki kuti zigwire ntchito mogwirizana. Linux ndi imodzi mwa mapulogalamu otere. Phata lake, lomwe akatswiri amalitcha kernel, linayamba kulembedwa m'chaka cha 1991 ndi Linus Torvalds, yemwe pa nthawiyo anali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki m'dziko la Finland. Phatali linaphatikizidwa ndi zipangizo za ntchito ya GNU, imene Richard Stallman anaiyambitsa mu 1983, ndipo laisensi yake imalola aliyense kuigwiritsa ntchito, kuikopera ndi kuigawira anzake popanda kulipira.

Anthu ambiri m'Malawi akugwiritsa kale ntchito Linux mosadziwa, pakuti mafoni a Android amayendera phata lomweli. M'zipatala za dziko lino, bungwe la Baobab Health, lomwe linayambira ntchito yake pa chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe, linamanga makina olembera odwala pogwiritsa ntchito mapulogalamu otseguka kwa onse, kuphatikizapo Linux.

Linux imabwera m'mitundu yosiyanasiyana. Debian inayamba mu 1993. Ubuntu, yomwe inamangidwa pa maziko a Debian, inatuluka koyamba mu 2004 motsogozedwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lake ndi mawu a Chizulu ndi Chixhosa ofanana tanthauzo ndi umunthu. Linux Mint inayamba mu 2006 ndipo imamangidwa pa Ubuntu. Malamulo onse otchulidwa m'munsimu amagwira ntchito pa Ubuntu ndi pa Linux Mint, mitundu iwiri imene ili yosavuta kwa oyamba kumene.

Kusankha mtundu ndi kuuyesa usanaikidwe

Pakhomo pamafunika mtundu wokhalitsa. Ubuntu imatulutsa mtundu wotere, wolembedwa LTS, mwezi wa Epulo pakatha zaka ziwiri zilizonse, ndipo umalandira chithandizo kwa zaka zisanu. Ubuntu 24.04 inatuluka mu Epulo 2024, pamene Linux Mint 22, yomangidwa pa iyo, idzalandira chithandizo mpaka 2029. Kompyuta yokhala ndi memori ya ma GB anayi kapena kuposerapo imayenda bwino ndi Linux Mint. Yokhala ndi memori yochepa imapepukidwa ndi Lubuntu kapena Linux Mint ya mtundu wa Xfce.

Fayilo yoikira Linux Mint ndi yaikulu pafupifupi ma GB atatu, ndipo ya Ubuntu imaposa pamenepo. Popeza laisensi imalola kugawana, sikofunika kuti banja lililonse ligule bandulo yotsitsira fayiloyi. Munthu mmodzi angathe kuitsitsa kuchokera patsamba lenileni la eni pulogalamu, kuiika pa fulashi, ndipo fulashi yomweyo n'kuthandiza sukulu kapena mudzi wonse.

Fulashi yotere imatha kuyatsa kompyuta popanda kukhudza chilichonse chimene chili pa disiki. Poyatsa, munthu amadina batani losankhira poyambira, lomwe pa makompyuta ambiri a Dell ndi Lenovo ndi F12, pamene pa a HP ndi F9. Linux ikatseguka kuchokera pa fulashi, ayese Wi-Fi, mawu, kiyibodi ndi pulinta. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: laputopu yowala kunja ingathe kukhala ndi disiki yotopa, ndipo kuyesa kumeneku kumaulula zimenezi ndalama zisanaperekedwe.

N'kofunikanso kudziwa malire ake. Mapulogalamu ena, monga Microsoft Office ya pa kompyuta, Adobe Photoshop ndi ena owerengera ndalama za kampani, sanapangidwe kuti aziyenda pa Linux. Amene ntchito yake imadalira pulogalamu yotere ayambe wafufuza ngati ilipo ina yolowa m'malo. Ndipo asanaike Linux, akopere mafayilo ake onse pa disiki ina, chifukwa kusankha kufufuta disiki pa nthawi yoika kumachotsa zonse kotheratu.

Terminal ndi mphamvu za sudo

Ntchito zambiri za tsiku ndi tsiku zimachitika podina zithunzi, monga zimakhalira pa Windows. Koma pokonza vuto pamafunika zenera lolembamo malamulo lotchedwa Terminal, lomwe limatseguka podina Ctrl, Alt ndi T nthawi imodzi. Lamulo loyamba ndi mawu akuti sudo limapatsa munthu mphamvu zosintha chilichonse m'kompyuta, ndipo limafunsa pasiwedi. Polemba pasiwediyo, pa makompyuta ena sipaoneka chilembo kapena kadontho kalikonse. Ambiri amaganiza kuti kiyibodi yafa, pamene ndi njira chabe yobisira chinsinsi. Munthu angolemba mpaka kumapeto ndi kudina Enter.

Malamulowa ayenera kulembedwa ndendende, chifukwa Linux imasiyanitsa chilembo chachikulu ndi chaching'ono, ndiponso mpata pakati pa mawu uli ndi tanthauzo. Lamulo limene munthu walipeza pa intaneti koma sakulimvetsa asalilembe. Makamaka lamulo lokhala ndi mawu akuti rm -rf limafufuta mafayilo osafunsa kawiri, ndipo zofufutidwa motere sizipita m'bini momwe zingabwezedwe.

Magetsi akazima mwadzidzidzi

Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo amayenda mtunda wautali asanafike kumpoto. Siteshoni ya Wovwe, yomwe ili m'boma la Karonga, ndi yaing'ono, yosapitirira mamegawati asanu. Nyengo ya mvula imabweranso ndi ziphaliwali ndi mphepo zogwetsa mitengo pa mawaya. Choncho kuzima kwa magetsi ndi chimodzi mwa zinthu zimene mwini kompyuta ayenera kukonzekera.

Kompyuta ikazima ili pakati polemba pa disiki, kaundula wa mafayilo angathe kusokonekera. Kasungidwe ka mafayilo kotchedwa ext4, komwe Ubuntu ndi Linux Mint zimagwiritsa ntchito, kamasunga ndandanda ya zimene zinali kulembedwa, ndipo nthawi zambiri kamadzikonza kokha kompyuta ikayakanso. Koma nthawi zina kompyuta imaima pa sikirini yakuda pomwe pamaoneka mawu akuti initramfs, pamodzi ndi uthenga wakuti gawo lina la disiki likufunika fsck. Apa anthu ambiri amataya mtima n'kulola kuti disiki yonse ifufutidwe, pamene vutoli limatha m'mphindi zochepa. Uthengawo umatchula dzina la gawo lovutalo, mwachitsanzo /dev/sda2. Munthu alembe fsck -y /dev/sda2, akusintha dzinalo kuti lifanane ndi limene lili pa sikirini yake, adikire kuti ntchitoyo ithe, kenaka alembe exit. Kawirikawiri kompyuta imayaka monga kale, mafayilo ali momwemo.

Vutoli likamabwerezabwereza ngakhale magetsi asanazime, ndiye kuti disiki yayamba kutha. Pulogalamu yotchedwa Disks imaonetsa lipoti la umoyo wa disiki, lotchedwa SMART. Lipotili likachenjeza, mafayilo akoperedwe tsiku lomwelo.

Kupewa kumaposa kuchiza. Laputopu yokhala ndi batire lamoyo imadziteteza yokha, koma ya batire lakufa imazima pamodzi ndi magetsi. Kompyuta ya pa tebulo imafuna kabokosi kosunga magetsi kotchedwa UPS, komwe kamapereka mphindi zokwanira kusunga ntchito ndi kuzimitsa bwino. Magetsi akazima, kapena mabingu akayamba, pulagi izulidwe kukhoma, ndipo ibwezedwe patapita kanthawi magetsi atabwera, chifukwa mphamvu yobwera mwadzidzidzi ndi imene imapsereza chaja. Ogwiritsa ntchito sola aonetsetse kuti inveta yawo ikupereka mavoti 230, muyeso wa magetsi a m'Malawi.

Kutentha, fumbi ndi chinyezi

Karonga ili m'chigwa cha m'mbali mwa nyanja, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 30 masana. Kompyuta ikatentha kwambiri, purosesa imadzichepetsera liwiro pofuna kudziteteza, ndipo zikapitirira imadzizimitsa yokha. Mwini wake amaganiza kuti Linux yavuta, pamene chavuta ndi mpweya. Zizindikiro zake ndi fani yolira mosalekeza, pansi pa laputopu potentha ndiponso kuzima pa nthawi yoonera kanema.

Kutentha kwa m'kati kungayesedwe poika kapulogalamu ndi lamulo lakuti sudo apt install lm-sensors, kenaka kulemba sensors. Purosesa ikamafika madigiri 90 pamene kompyuta sikugwira ntchito yolemera, njira za mpweya zatsekeka. Laputopu isaikidwe pa matiresi, pa pilo kapena pa chitenje, koma pa thebulo, itatukulidwa pang'ono kumbuyo. Fumbi la m'chilimwe komanso la pafupi ndi zigayo za mpunga limaunjikana pa fani, motero kompyuta imafunika kupukutidwa m'kati ndi mmisiri kamodzi pachaka. M'nyengo ya mvula, chinyezi cha kunyanja chimachititsa dzimbiri m'malo olumikizira, choncho kompyuta isungidwe pamalo ouma ndi okwera, osati pansi.

Ma update ndi kusamala bandulo

Mipata ya chitetezo imatsekedwa kudzera m'zosintha zatsopano, zimene ambiri amazitcha ma update. Pa Linux Mint zimaoneka pa kachizindikiro ka chishango, komwe kamatsegula Update Manager. Pa Terminal, lamulo lakuti sudo apt update limatenga mndandanda wa zatsopano, ndipo lakuti sudo apt upgrade limaonetsa kukula kwa zofunika kutsitsa ndi kufunsa chilolezo lisanayambe. Izi zimapatsa munthu mwayi woyerekeza ndi bandulo imene ali nayo. Kuchita zimenezi kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri kumathandiza kuti zisaunjikane.

Mabanja ambiri amalumikiza kompyuta ku intaneti kudzera pa foni ya TNM kapena Airtel. Foni ya Android ikalumikizidwa ndi chingwe cha USB ndi kuyatsa USB tethering, Linux imaizindikira yokha popanda kuika china chilichonse. Pa Ubuntu, m'makonzedwe a netiweki muli malo osonyezera kuti intanetiyo ndi yolipira molingana ndi kagwiritsidwe ntchito, ndipo kutero kumaletsa zina mwa zotsitsa zochitika zokha.

Ma update asayambidwe batire lili lochepa kapena mvula ya mabingu ikubwera. Akadukira pakati, kompyuta imakana kuika pulogalamu ina iliyonse ndipo imanena kuti dpkg inasokonezedwa. Mankhwala ake ndi kulemba sudo dpkg --configure -a, kenaka sudo apt --fix-broken install. Uthenga wonena kuti lock yalephera kupezeka umangotanthauza kuti ntchito ina ya ma update ili m'kati, ndipo chofunika ndi kudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nthawi zina phata latsopano siligwirizana ndi kompyuta yakale, mwina sikirini imangoda kapena Wi-Fi imasowa. Linux imasunga phata lakale pa chifukwa chimenechi. Poyatsa, munthu agwire batani la Shift kapena adine Esc kuti mndandanda wa GRUB uoneke, asankhe Advanced options, kenaka asankhe phata la nambala yotsika. Kompyuta idzayaka monga inkachitira kale.

Wotchi yolakwika

Vuto lina limene limasokoneza anthu ndi la nthawi. Dziko la Tanzania lili patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi, ndipo kompyuta yokonzedwera ku Kyela, Mbeya kapena Dar es Salaam imabwera ndi nthawi ya kumeneko. Lamulo lakuti timedatectl limaonetsa chigawo cha nthawi chimene kompyuta ikutsata, ndipo lakuti sudo timedatectl set-timezone Africa/Blantyre limaibweretsa pa nthawi ya Malawi.

Tsiku likalakwika kwambiri, masamba a banki ndi a boma amakana kutseguka, akuchenjeza kuti kulumikizana si kotetezeka, ndipo ma update nawo amakanika. Chifukwa chake n'chakuti ziphaso za chitetezo za masamba zimakhala ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndipo kompyuta imaziyerekeza ndi wotchi yake. Ngati tsiku limabwerera zaka zam'mbuyo nthawi iliyonse kompyuta ikazima, kabatire kakang'ono ka m'kati katha. Pa makompyuta ambiri a pa tebulo kabatireka ndi ka mtundu wa CR2032, kofanana ndi kandalama kachitsulo, ndipo n'kotsika mtengo.

Pa kompyuta yokhala ndi Windows ndi Linux pamodzi, wotchi imasiyana ndi maola awiri munthu akachoka ku imodzi kupita ku inzake. Izi zimachitika chifukwa Linux imasunga nthawi ya dziko lonse, pamene Windows imasunga nthawi ya m'dziko, ndipo Malawi ali patsogolo pa nthawi ya dziko lonse ndi maola awiri. Lamulo lakuti sudo timedatectl set-local-rtc 1 limathetsa kusiyanaku.

Wi-Fi, pulinta ndi fulashi

Wi-Fi ikasowa, choyamba n'kuona ngati sinazimitsidwe ndi batani la pa kiyibodi. Lamulo lakuti rfkill list limaonetsa ngati yatsekedwa, ndipo lakuti rfkill unblock wifi limaitsegula. Malaputopu ena, makamaka okhala ndi kachipangizo ka kampani ya Broadcom, amafuna kapulogalamu kapadera koyendetsera Wi-Fi. Munthu alumikize foni ndi chingwe kuti apeze intaneti, atsegule Driver Manager pa Linux Mint kapena Additional Drivers pa Ubuntu, ndipo asankhe kamene kalangizidwa.

Mapulinta ambiri atsopano amadziwika okha akalumikizidwa, ndipo ambiri a HP amathandizidwa ndi pulogalamu ya HPLIP. Komabe n'kwanzeru kufufuza dzina ndi nambala ya pulinta musanagulidwe, chifukwa ena otsika mtengo anapangidwira Windows yokha.

Fulashi yochokera kumalo osindikizira mapepala nthawi zambiri imabwera ndi vairasi imene imabisa mafoda. Mavairasi a Windows sayenda pa Linux, motero mafoda obisidwawo amaoneka bwino ndipo angathe kupulumutsidwa. Koma vairasiyo imakhalabe pa fulashi ndipo ingapatsire kompyuta ina, choncho mafayilo achilendo afufutidwe. Fulashi isazulidwe isanatulutsidwe mwadongosolo, popeza Linux imatha kuonetsa ngati yamaliza kukopera pamene ikulembabe.

Kompyuta ikadzaza kapena ikamachedwa

Disiki ikadzaza kotheratu, munthu amatha kulemba pasiwedi yolondola koma kompyuta n'kumubwezera pomwe anayambira. Zikatero adine Ctrl, Alt ndi F3 kuti apeze sikirini ya malamulo okhaokha, alembe dzina lake ndi pasiwedi, kenaka alembe df -h. Mzere wothera ndi kachizindikiro ka / ukaonetsa 100%, vuto lapezeka. Lamulo lakuti sudo apt clean limachotsa mafayilo oikira mapulogalamu amene ntchito yake inatha, lakuti sudo apt autoremove limachotsa zotsalira ndi maphata akale, ndipo lakuti sudo journalctl --vacuum-size=200M limachepetsa kaundula wa zochitika. Akamaliza alembe sudo reboot, ndipo kompyuta ikayaka asamutsire makanema ndi nyimbo pa disiki yakunja.

Njira yomweyi ya Ctrl, Alt ndi F3 imathandiza kompyuta ikauma osayankha, chifukwa imalola kuiyatsanso mwadongosolo. Kugwira batani lozimitsira mpaka kompyuta itazima kukhale njira yomaliza. Kompyuta yochedwa ifufuzidwe ndi System Monitor, yomwe imaonetsa pulogalamu imene ikudya memori yambiri. Kawirikawiri amakhala masamba ochuluka otsegulidwa nthawi imodzi pa intaneti. Kuonjezera memori, kapena kuika disiki ya mtundu wa SSD m'malo mwa yakale yozungulira, kumafulumizitsa kompyuta pa mtengo wochepa kusiyana ndi kugula ina.

Makalata ndi zilembo za zilankhulo zathu

Makalata, matebulo a ziwerengero ndi zoonetsa pamsonkhano zimalembedwa ndi LibreOffice, yomwe imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word ndi Excel. Kalata yopita kwa munthu amene adzaisinthe isungidwe ngati docx. Kalata yofunsira ntchito kapena yopita kukasindikizidwa itumizidwe ngati PDF, kuti maonekedwe ake asasinthe pa kompyuta ina.

Olemba Chitumbuka ndi Chichewa amafuna chilembo cha ŵ, chomwe sichili pa kiyibodi. Mu LibreOffice, munthu alembe 0175 payokha kenaka adine Alt ndi X, ndipo nambalayo idzasanduka ŵ. Nambala ya chilembo chachikulu cha Ŵ ndi 0174. M'mapulogalamu ena ambiri, adine Ctrl, Shift ndi U pamodzi, alembe nambala yomweyo ndi kudina Enter.

Chitetezo cha banja

Linux imavutitsidwa ndi mavairasi ochepa poyerekeza ndi Windows, koma siingateteze munthu amene wapereka yekha chinsinsi chake. Uthenga wonama wonena kuti munthu wapambana mphoto, kapena tsamba lofanizira la banki, zimanyenga pa kompyuta ya mtundu uliwonse. Nambala yachinsinsi ya Airtel Money, ya TNM Mpamba kapena ya kubanki isaperekedwe kwa wina aliyense. Kulowa m'kompyuta ya mwini popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la zochitika pa makina a intaneti ndi chitetezo chake la m'chaka cha 2016, ndipo wobedwa m'njira imeneyi akanene kupolisi komanso ku kampani ya foni kapena banki yake mwamsanga.

Mapulogalamu azitengedwa mu Software Manager kapena App Center, momwe muli zinthu zounikidwa kale. Mpanda wotchinga olowerera kudzera pa netiweki umayatsidwa ndi lamulo lakuti sudo ufw enable. Pakhomo pamene kompyuta imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi anthu angapo, aliyense akhale ndi akaunti yake, ndipo ana apatsidwe akaunti yopanda mphamvu za sudo. Motero mwana sangafufute mwangozi zolemba za makolo kapena kusokoneza kompyuta yonse.

Kusunga kope lachiwiri

Kompyuta yowonongeka imagulidwa ina, koma zithunzi za banja, zolemba za sukulu, mayeso okonzedwa ndi mphunzitsi ndi kaundula wa ngongole za kalabu ya alimi a mpunga ku Hara kapena ku Lufilya zikatayika sizibwerera. Anthu a ku Karonga akukumbukira zivomezi za mu Disembala 2009 zimene zinagwetsa nyumba zambiri, ndiponso amadziwa mmene mitsinje ya North Rukuru, Lufilya ndi Songwe imasefukira mvula ikachuluka. N'chifukwa chake kope lachiwiri la mafayilo ofunika liyenera kukhalapo, ndipo lina lisungidwe kunja kwa nyumba, kaya kwa mbale kapena pa intaneti.

Pa Linux Mint pali pulogalamu ya Timeshift imene imajambula mmene kompyuta ilili, kuti zikasokonekera ibwezedwe mmene inalili dzulo kapena sabata yatha. Anthu adziwe kuti Timeshift imateteza mapulogalamu ndi makonzedwe a kompyuta, koma mwa chikhalire siisunga makalata ndi zithunzi za mwini. Izi zimafuna Backup Tool, kapena kungokopera foda ya Home pa disiki yakunja sabata iliyonse. Fulashi yoikira Linux nayo isafufutidwe. Tsiku limene kompyuta idzakane kuyaka, fulashi imeneyi idzaitsegula ndi kulola mwini wake kupulumutsa mafayilo asanapite kwa mmisiri.

Nthawi yofuna mmisiri

Pali mavuto amene sangathe ndi malamulo a pa Terminal. Disiki yolira mogogoda, fungo la kupsa, batire lotupa, madzi olowa m'kati ndi kompyuta yosaonetsa kuwala kulikonse zimafuna mmisiri wodziwa ntchito. Kompyuta yonyowa isayatsidwe mpaka itaunikidwa. Popita kwa mmisiri, mwini kompyuta ajambule ndi foni uthenga umene ukuoneka pa sikirini, akumbukire chimene chinachitika vuto lisanayambe, ndipo anene momveka kuti disiki isafufutidwe popanda chilolezo chake. Safunsa anadya phula: afunse chimene chawonongeka, mtengo wake, ndiponso apemphe kubwezeredwa chipangizo chakale chimene chachotsedwa, makamaka disiki, popeza imakhala ndi zinsinsi zake.

Pomaliza, Unduna ukupempha aphunzitsi, atsogoleri a magulu a achinyamata ndi onse amene ali ndi luso la kompyuta m'madera a mafumu Kyungu, Kilupula, Mwakaboko, Mwirang'ombe ndi Wasambo kuti agawane malangizowa ndi anzawo, ndiponso athandize amene akuyamba kumene. Mabanja akulangizidwa kusunga kope la chikalata chino papepala pafupi ndi kompyuta, chifukwa malangizowa amafunika kwambiri pa nthawi imene kompyutayo yakana kuyaka.